Makanema ochokera kumudzi akutilemera kuno ku Harare

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko m'nyuzipepala yanu, imene ife a kuno ku Harare timaiwerenga pa foni popeza ya pepala sifika kuno. Ndine mmodzi mwa ana a Amalawi amene anachoka kumudzi kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya dziko lino, ndipo lero tadzaza ku Mufakose, Mbare, Highfield, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Epworth. Malemu bambo anga anali a ku Ntcheu. Chilankhulo chathu sitinachitaye, moti malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a chaka cha 2013 anachiika m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya makanema amene nyumba zoulutsira mawu, mipingo ndi abale athu a ku Malawi amaulutsa pa intaneti kapena kutitumizira, chifukwa ambiri mwa makanemawa amakonzedwa ngati kuti tonse timaonera pa wailesi ya kanema yaikulu ya pabalaza ndi intaneti yosatha, pamene zoona zake n'zakuti timaonera pa kafoni ka m'manja, ndi bandulo yogula mowerengera, komanso batire loyenera kufika madzulo magetsi atazima.

Pa 17 Juni 2024, tsiku limene thupi la wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi, malemu Saulos Chilima, linaikidwa m'manda kwa Nsipe m'boma la Ntcheu, m'nyumba mwa amayi anga ku Mufakose munasonkhana anthu oposa khumi, ambiri a iwo achikulire amene anakulira m'midzi yoyandikana ndi kwa Nsipe komweko. Tinaimika foni yanga patebulo moitsamiritsa ku chitini cha shuga, n'kutsegula tsamba la nyumba ina youlutsira mawu ya ku Malawi, imene dzina lake sindilitchula. Chithunzi chinali chokongola ndithu, moti maluwa a pankhata ankaoneka limodzilimodzi, koma chinkayenda masekondi owerengeka n'kuima, kagudumu kaja n'kuyamba kuzungulira pakati pa galasi, mawu a wansembe n'kuduka chiganizo chili pakati. Ndinafufuza poti ndichepetse kukula kwa chithunzicho koma panalibe posankha, ndipo ola limodzi lisanathe bandulo imene ndinagula m'mawa womwewo inali itatheratu. Amene anatipulumutsa ndi msuweni wanga wa ku Lilongwe, yemwe anatiimbira pa WhatsApp n'kuika foni yake pafupi ndi wailesi. Mwambo wotsalawo tinaumva choncho, popanda chithunzi chilichonse, koma nyimbo ndi ulaliki zikumveka bwinobwino, ndipo palibe wachikulire ngakhale mmodzi amene anadandaula kuti sakuona maluwa.

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuthandiza kujambula ndi kuulutsa mapemphero a mumpingo mwathu, maukwati ndi maliro, kuti abale amene ali ku Malawi ndi ku Johannesburg azitsatira, choncho zolakwa zimene ndikunenazi zambiri ndinayamba ndazichita ndekha. Chimene ndaphunzirapo n'chakuti vuto limene tinakumana nalo tsiku lija silinali la netiweki yokha, ngakhale kuti ifenso timafulumira kuinena netiweki. Gawo lalikulu la vutoli limayambira pa momwe kanemayo wakonzedwera asananyamuke.

Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatizana, kawirikawiri 25 kapena 30 pa sekondi imodzi. Chithunzi chimodzi cha mlingo umene amautcha 1080p chimakhala ndi timadontho 1,920 chopingasa ndi 1,080 choimirira, tonse pamodzi 2,073,600. Kadontho kalikonse katapatsidwa mabaiti atatu osungira mtundu wake, chithunzi chimodzicho chingalemere mamegabaiti oposa 6, sekondi imodzi ya zithunzi 25 ingafike mamegabaiti 155, ndipo mphindi imodzi yokha ingapitirire magigabaiti 9. Katundu wotere sangadutse pa netiweki ya foni, ndiye chifukwa chake kanema aliyense amayamba wadindidwa asanatumizidwe. Mawu oti kudinda ndawatenga kwa bambo anga, amene ankatifotokozera momwe mulu waukulu wa fodya umalowera m'belo limodzi ukapanikizidwa ndi jeke. Kusiyana kwake n'kwakuti belo likamasulidwa masamba onse amapezeka momwemo, pamene kanema akadindidwa zina zimatayidwa osabwereranso, ndipo luso lonse lagona posankha zotaya zimene diso la munthu silingazindikire kuti zasowa.

Njira yaikulu imene makina amagwiritsa ntchito ndi yosavuta kuimvetsa. Amasunga chithunzi chimodzi chathunthu, chimene amachitcha keyframe, kenako pa zithunzi zotsatira amangolemba zokhazo zimene zasintha. Abusa akamalalikira paguwa, khoma, mtanda ndi nsalu ya patebulo sizisuntha. Chimasuntha ndi nkhope ndi manja basi, kotero kanema wa ulaliki amadindika bwino kwambiri. Sizili choncho ndi kanema wa gule wamkulu pabwalo, pomwe fumbi, nthenga ndi nsanza zonse zili kuuluka nthawi imodzi, kapena wa mpira pomwe kamera ikuthamangitsa osewera. Apa ndi pamene ojambula athu ambiri amataya deta osadziwa. Munthu akagwira foni m'manja n'kumagwedezeka, kapena kumaiyendetsa uku ndi uku kuti aliyense amene wabwera paukwati aoneke, makina amaona ngati chithunzi chonse chasintha, khoma ndi mitengo yomwe, ndipo zotsatira zake zimakhala kanema wolemera kapena chithunzi chophwanyika timabokositimabokosi. Miyendo itatu yoimikapo foni, kapena ngakhale kuimangirira ku nsanamira ndi mphira, imapulumutsa deta kuposa foni yodula.

Malamulo a kadindidwe amenewa ali ndi mayina, ndipo amisiri amawatcha ma codec. Amene ali ponseponse ndi H.264, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 2003, ndipo pafupifupi foni iliyonse yotha kuonetsa kanema ili ndi kachipangizo m'kati mwake kotha kumasula kanema wa mtunduwu popanda kutopa. Mu 2013 kunabwera H.265, amene amatchedwanso HEVC, ndipo cholinga chake chinali kupereka chithunzi chofanana pa theka la deta. Chaka chomwecho Google inatulutsa VP9, imene YouTube imagwiritsa ntchito kwambiri. Mu 2018 bungwe la Alliance for Open Media linatulutsa AV1, imene imadinda kwambiri ndipo salipiritsa chiphaso poigwiritsa ntchito. Wina angafunse chifukwa chimene sitingosamukira ku zatsopanozi, popeza dandaulo langa ndi deta. Yankho lake lili m'matumba mwathu. Mafoni ambiri a m'makomboni muno ndi akale kapena otsika mtengo, ndipo alibe kachipangizo komasulira AV1; ngakhale kampani ya Apple inayamba kukaika m'mafoni ake mu 2023, kuyambira pa iPhone 15 Pro. Foni yopanda kachipangizoka imachita kumasula kanemayo movutikira ndi mphamvu za ubongo wake wonse, imatentha, ndipo batire limatsika munthu akuona, zomwe si nkhani yaing'ono m'mudzi woti magetsi amatha kuzima kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Choncho uphungu wanga ndi wakuti aliyense woulutsira anthu ngati ife asasiye H.264 pa chithunzi ndi codec yotchedwa AAC pa mawu, ndipo zatsopanozo azipereke ngati zowonjezera kwa amene mafoni awo angazithe.

Pali kanthu kena kokhudza ma codec kamene kamasokoneza mabanja ambiri. Kuyambira chaka cha 2017 mafoni a iPhone amajambula mu HEVC pokhapokha mwini wake atasintha yekha. Mwana amene ali ku London akajambula mdzukulu akuyamba kuyenda, n'kutumiza kanemayo pa WhatsApp ngati chikalata kuti asachepetsedwe, agogo kuno amathera bandulo yonse potsitsa, koma potsegula amangomva mawu chithunzi chili bii, kapena foni imakana kutsegula kumene. Mankhwala ake ndi aulere: m'malo osinthira za kamera muli posankha Most Compatible, ndipo kusankha pamenepo kumabwezera foniyo ku H.264.

Koma chimene chimalemeretsa kanema kwambiri ndi bitrate, ndiko kuti kuchuluka kwa deta imene kanemayo amadya pa sekondi iliyonse, ndipo masamu ake aliyense atha kuwawerengera papepala. Baiti imodzi ndi mabiti 8, ola limodzi ndi masekondi 3,600, kotero kanema woyenda pa megabiti imodzi pa sekondi amadya mamegabaiti 450 pa ola. Woyenda pa mamegabiti 4, umene ndi mlingo wamba kwa oulutsa chithunzi chachikulu, amadya mamegabaiti 1,800 pa ola. Woyenda pa makilobiti 400 (makilobiti 1,000 ndiwo megabiti imodzi), amene amakwanira bwino kuonetsa munthu akuyankhula pa galasi la foni, amadya mamegabaiti 180. Mawu okha pa makilobiti 48 sakwana n'komwe mamegabaiti 22 pa ola lathunthu. Tsono talingalirani mwambo wa maliro kapena mapemphero a Pasaka a maola atatu: pa mlingo waukulu uja munthu afunika magigabaiti oposa 5, pamene pa mlingo waung'onowo theka la gigabaiti ndi pang'ono likwanira. Amene amasankha nambala imeneyi ndi mnyamata amene wakhala pa kompyuta ku Blantyre kapena ku Lilongwe, koma amene amalipira chisankho chakecho ndi mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika.

Sindikunena kuti amene ali ndi intaneti yamphamvu alandidwe chithunzi chabwino, chifukwa njira yosangalatsa onse ilipo ndipo si yachilendo. Apple inatulutsa HLS mu 2009, ndipo mu 2012 kunakhazikitsidwa njira inzake yotchedwa MPEG-DASH. Zonse ziwiri zimagwira ntchito mofanana. Kanema mmodzi amadindidwa pa milingo ingapo, mwachitsanzo 240p, 360p, 480p ndi 720p (nambala ikachepa, chithunzi chimachepanso n'kupepuka), ndipo mlingo uliwonse umadulidwa tizidutswa ta masekondi ochepa, kawirikawiri pakati pa awiri ndi khumi. Foni imayamba yatenga kamndandanda kosonyeza milingo imene ilipo, kenako imatsitsa kachidutswa kamodzikamodzi, ikuyeza liwiro la netiweki nthawi yomweyo. Munthu akakwera kombi kuchoka m'tauni kupita ku Mabvuku, netiweki n'kufooka panjira, foniyo imatsikira yokha pa mlingo wapansi, chithunzi chimachita khungu pang'ono koma ulaliki supuma. Netiweki ikabwerera, chithunzi chimaonekanso bwino. Makwerero a milingo amenewa ndiwo anasowa pa tsamba lija tinatsegula ku Mufakose. Panali mlingo umodzi wokha, wapamwamba, ndipo amene sanauthe anatsala panja. Ndaonanso ena amene makwerero anaika, koma sitepe yotsikitsitsa n'kukhala 480p, ngati kuti pansi pake palibe anthu.

Njira ya tizidutswayi ili ndi mtengo wake, umene okonda mpira amaudziwa bwino. Popeza foni imasunga tizidutswa tingapo isanayambe kuonetsa, woonera pa intaneti amatsalira ndi masekondi makumi awiri kapena kuposerapo, moti pa tsiku la Bullets ndi Wanderers uthenga wa chigoli umatha kufika pa gulu la WhatsApp mpira udakali pakati pa bwalo pa galasi lanu. Kwa ine kuchedwa kumeneku n'kopiririka, ndipo pa maliro ndi mapemphero palibe amene amakuzindikira n'komwe.

Ena adzanena kuti iwo amaulutsira pa YouTube ndi pa Facebook, ndipo makampaniwa amadzipangira okha makwererowo. N'zoona, ndipo kwa mpingo kapena kanyumba koulutsira mawu kopanda ndalama zogulira maseva, omwe ndi makompyuta osungira ndi kugawira makanema pa intaneti, imeneyi ndiyo njira yanzeru, makamaka poti pa YouTube woonera atha kutsika mpaka 144p. Koma vuto limangosamukira kwina. Kanema amene akuulutsidwa pompopompo amayenera kukwera kuchoka pamalo a mwambo kupita ku maseva awo, ndipo netiweki ya foni nthawi zambiri imakweza pang'onopang'ono kuyerekeza ndi momwe imatsitsira, makamaka pamalo pomwe khamu la anthu likulimbirana nsanja imodzi. Munthu akaumirira kukweza 1080p ali pamudzi kwa Nsipe kapena ku Mayani, zithunzi zimatayika panjira, ndipo chimene chafika ku seva chodukaduka chimagawidwa kwa oonera onse chili chodukaduka, ngakhale amene ali pa intaneti yamphamvu ya Starlink ku Borrowdale, dera la anthu olemera kuno ku Harare. Ine ndinaphunzira movutikira, nditaononga ukwati wa mwana wa mlongo wanga, kuyamba ndayeza liwiro lokwezera pamalopo, kenako n'kusankha bitrate yosapitirira theka la liwirolo, chithunzi n'kuchiika pa 480p kapena 720p, ndi keyframe pa masekondi awiri alionse monga momwe YouTube imalangizira. Pulogalamu ya OBS Studio imalola kusintha zonsezi ndipo ndi yaulere, monganso HandBrake ndi FFmpeg, zimene zimadinda kanema wojambulidwa kale.

Kukonzera foni sikuthera pa manambala. Nyumba zoulutsira mawu zikamaonetsa zotsatira za chisankho, mitengo ya chimanga kapena chenjezo la mvula yamkuntho, zimakonda kulemba timalemba tating'ono todzaza galasi, pansi pake pakuyenda mzere wina wa uthenga, pakona chizindikiro cha nyumbayo chikuzungulira. Pa wailesi ya kanema zimaoneka zaulemerero, koma pa 240p timalembato timasanduka phala, ndipo zoyendayendazo zimalanda deta imene ikanathandiza kuonetsa nkhope ya woyankhula. M'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Chilobwe ndi madera ena a kummwera, ambiri kuno tinali ndi njala ya mayina a malo okhudzidwa ndi manambala a foni oimbirako, ndipo pa nthawi ngati imeneyo zilembo zazikulu zochepa, zimene woulutsa aziwerenganso ndi pakamwa, ndi zimene zimathandiza. Za mawu ndiye ndingalembe kalata ina. Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu a phokoso amamuthamangitsa m'mphindi imodzi. Kachingwe kochokera ku mikisa ya zokuzira mawu kulowa m'foni kapena m'kompyuta kamasintha zonse, pamene maiki ya foni yoima kumbuyo kwa tchalitchi imangotola kulira kwa makanda ndi mphepo.

Chinanso chimene oulutsa a kumudzi ayenera kudziwa ndi momwe timagulira intaneti kuno. Makampani a mafoni a m'Zimbabwe, omwe ndi Econet, NetOne ndi Telecel, akhala akugulitsa mabandulo apadera a WhatsApp ndi a Facebook, ndipo anthu ambiri amadalira amenewa okha chifukwa ndi otsika mtengo poyerekeza ndi bandulo yotsegula paliponse. Munthu wa bandulo ya WhatsApp mukamutumizira ulalo wopita ku tsamba lanu kapena ku YouTube, mwamupatsa kiyi wa nyumba imene sangafikeko. Chimene chimamufikira ndi kanema wamfupi wa mphindi ziwiri kapena zitatu, wodindidwa bwino pa 360p, wotumizidwa mu WhatsApp momwemo, kapena mawu okha a ulaliki wonse, amene pa makilobiti 48 ndi opepuka moti atha kuzungulira magulu onse a Amalawi a ku Harare, Bulawayo ndi Mutare tsiku limodzi. Mumpingo mwathu tinayamba kuchita zimenezi Lamulungu lililonse madzulo, ndipo achikulire amene sanaonerepo pemphero lathu pa intaneti tsopano amafunsa okha ulaliki ukachedwa kufika.

Anzanga oonera nawonso ali ndi mbali yawo. Pa YouTube pali kachizindikiro ka giya pomwe munthu atha kusankha yekha 240p kapena 360p m'malo mosiya foni kuti isankhe, chifukwa ikaona netiweki yabwino imakwera pamwamba osaganizira za bandulo. Pa Facebook ndi bwino kuletsa makanema kuti asamayambe okha, ndipo pa WhatsApp kuletsa kuti asamatsike okha. Zitatu zimenezi ndimazikonza pa foni ya wachikulire aliyense amene wandibweretsera dandaulo loti deta yake ikubedwa, ndipo kawirikawiri wakubayo amapezeka kuti ndi gulu la banja lomwe limatumiza makanema makumi awiri pa tsiku.

Pempho langa kwa akuluakulu a nyumba zoulutsira mawu, kwa oyendetsa nthambi zofalitsa uthenga m'mipingo, ndi kwa achinyamata amene atsegula timakampani tojambula miyambo, ndi lakuti pa makwerero anu muziika sitepe ya 240p, ndipo pambali pake muziika ulalo wa mawu okha, woonekera bwino, woti munthu asachite kuufunafuna. Musanaulutse mwambo waukulu, tengani foni yotsika mtengo ya mlonda wa pageti kapena ya mayi wosesa muofesi, zimitsani Wi-Fi, ikanimo bandulo yaing'ono, ndipo muonere kwa mphindi khumi, kenako muone deta imene yapita ndi momwe foniyo yatenthera. Mwezi wamawa tili ndi mwambo wa chiliza cha bambo anga aang'ono ku Ntcheu, ndipo amayi anga sangathenso ulendo wa basi wodutsa pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Ndauza kale mnyamata amene adzajambule kuti adzamangirire foni pamtengo, adzaike pa 480p, ndipo kachingwe ka ku mikisa ndakatumiza sabata yatha kudzera mwa kondakitala wa basi.

Ine wowerenga wanu,
Mufakose, Harare